Gulu la banja: za mtima wa Chisomo

Bambo a Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Tangofika kuchokera ku Queens, mayi a Tadala (Chisomo) awajambula mtima ndi makina aja a echo. Akuti si mphumu ngati mmene timaganizira ayi, ndi valavu (kachitseko kodutsira magazi) ya mumtima yotchedwa mitral yomwe yachepa, magazi sakudutsa bwino ndiye akumadzadza m'mapapo, nchifukwa chake amabanika akagona chagada mpaka kumagona atatsamira mapilo atatu

Azakhali a ku Mchinji: Mayo ine mwana wa achimwene anga. Munthu wa zaka 27 mtima bwanji? Izi si za anthu izi?

Mercy: Azakhali ayi, ku wodi kwathu timawaona ambiri otere. Zimayamba ndi zilonda zapakhosi ali mwana. Bakiteriya wa streptococcus akapanda kuphedwa ndi penicillin, thupi polimbana naye limayamba kuwononganso valavu yake yomwe, imachita zipsera pang'onopang'ono zaka 10 kapena 20 munthu osadziwa kanthu. Kabowo ka valavuyi kwa munthu wabwinobwino kamakhala 4 mpaka 6 cm², alamu pa lipotilo alemba bwanji?

Bambo a Tadala: 1.2, ndiye ECG yoyeza kagundidwe ka mtima yaonetsanso kuti mtima ukugunda mosokonekera

Azakhali a ku Mchinji: Koma ndakumbuka, ali sitandade 4 anatupa maondo ndi kutentha thupi sabata ziwiri, ine ndi malemu mayi ake tinangomupatsa panado kumati ndi malungo. Mtima wanga ukuwawa kwabasi

Amalume a ku Joni: Achemwali musadziimbe mlandu, nthawi imeneyo ndani ankadziwa. Mercy tiuze chofunika nchani ife tiyambepo

Mercy: Choyamba jakisoni wa benzathine penicillin sabata 4 zilizonse osadumphitsa, amapweteka koma ndi amene amateteza kuti valavu isaonongekenso. Lasix wochotsa madzi m'thupi, atenolol kuti mtima usathamange, ndi warfarin kuti magazi asaundane chifukwa magazi oundana akachoka mumtima kupita ku ubongo ndi sitiroko imeneyo. Wa warfarin ameneyu amafuna kuyezetsa INR (kuona mmene magazi akuundanira) pafupipafupi, ndipo chonde pasapezeke wobweretsa zitsamba, zimasokonezana ndi mankhwalawa. Mchere achepetse. Nkhwani ndi bonongwe adye bwinobwino koma mofanana masiku onse chifukwa cha warfarin yemweyo, osati lero mbale yodzadza mawa ayi

Mercy: Alamu pepani ndinena pagulu, za mwana wachiwiri muyambe mwadikira mpaka adokotala atalola. Mimba pa valavu yochepa chonchi ndi yoopsa, warfarin nayenso amavulaza mwana m'mimba

Bambo a Tadala: Anatiuza kale zimenezo, tagwirizana. Akutinso valavuyo ikhoza kutsegulidwa ndi kabaluni kodzera mumtsempha wa pantchafu osang'amba chifuwa, ikakhala yauma kwambiri ndiye opaleshoni yoika ina. Akuti atilembera kalata yopita ku India koma mndandanda tidikire

Amalume a ku Joni: Pasipoti ya Chisomo ndi yanu alamu ndilipira ine, yambani mawa. Enanu K15,000 pamwezi aliyense ya thiransipoti ndi mankhwala akasowa, Mercy asunge pa Airtel Money

Yohane: Ine ndiziwatenga asisi pa galimoto tsiku la jakisoni. Koma Tadala nayenso sabata yatha amadandaula pakhosi eti?

Mercy: Mubwere naye Lachinayi lomwelo amuone, asangomwa panado. Azakhali inu mubwera liti kudzathandiza pakhomo? Chisomo asamatunge madzi kapena kuchapa panopa

Azakhali a ku Mchinji: Loweruka ndikwera basi yam'mawa, Yohane udzandichingamire pa Wenela