N'chifukwa chiyani ku Livingstonia kunatenga zaka 39 kuti adzoze mbusa wa kuno?

Wa ku Chibavi:

Moni nonse abale. Achinyamata kumpingo kwathu akufuna tikambirane mbiri ya ubusa, ndiye pali mafunso awiri. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, koma abusa oyamba a kuno anadzozedwa mu 1914. Zaka zonsezo ankadikira chiyani, pomwe sukulu zinalipo ndipo anthu ankalowa Chikhristu mwaunyinji? Chachiwiri, zinatheka bwanji kuti mpingo umodzi wa CCAP ukhale ndi sukulu za ubusa ku Zomba, ku Ekwendeni ndi ku Nkhoma?

Aphunzitsi a ku Luwinga:

Achimwene, gwero lake lili ku Scotland. Njira yophunzitsira abusa Robert Laws, mtsogoleri wa mishoni ya Livingstonia, anachita kubwera nayo kuchokera kwawo, ndipo inali yaitali.

Achiprotesitanti ataika ulaliki pakati pa mapemphero, mbusa anayenera kukhala munthu wotha kumasulira Baibulo payekha. Luther atayendera mipingo ya ku Saxony mu 1528 anapeza abusa ambiri osatha kuphunzitsa, n'chifukwa chake analemba makatekisimu awiri mu 1529. Calvin anatsegula sukulu yake ku Geneva mu 1559, ya Chihebri, Chigiriki ndi kumasulira Malemba. A ku Scotland anatengera pamenepo. Kwawoko mnyamata ankayamba watenga digiri ya maphunziro wamba, kenako zaka zitatu kapena zinayi za ubusa. Akamaliza, presbitale (bwalo la abusa ndi akulu a mipingo ya dera limodzi) inkamuyesa n'kumupatsa layisensi yolalikira. Koma wa layisensi si mbusa: sabatiza, sadyetsa mgonero. Ankadikira mpaka mpingo wina umuitane, ndiye adzozedwe. Laws mwiniwake anadutsa monsemo, n'kuwonjezeranso udokotala.

Kuno makwerero anachita kuchulukirapo. Mwana ankayamba sukulu ya m'mudzi, n'kupita ku sukulu ya pamishoni monga ku Bandawe kapena ku Ekwendeni, kuchoka apo ku Khondowe, kumene sukulu yaikulu ya mishoni, Overtoun Institution, inatsegulidwa mu 1894. Kumeneko ankatenga kaye kosi ya uphunzitsi, n'kukagwira ntchito m'midzi, ndipo ochepa okha ndiwo ankaitanidwanso kudzaphunzira za ubusa. Ndiye zaka 19 zoyambazo tisawaimbe nazo mlandu kwambiri, sukulu yake kunalibe.

Povuta kuwaikira kumbuyo ndi kuyambira mu 1900. Charles Domingo, amene anabwera ali mwana kuchokera ku Quelimane, anamaliza kosi ya ubusa chaka chimenecho. Presbitale yoti imudzoze inalipo, inakhazikitsidwa mu 1899. Layisensi anamupatsa. Koma nthawi yoyesedwa inalibe malire olembedwa, ndipo amishoni ankangoti sanakhwime. Ankanenanso kuti mbusa wa kuno azilipidwa ndi chopereka cha mpingo wake, osati ndalama za ku Scotland, pomwe anthu ndalama yamsonkho yokha ankaisowa. Domingo anatopa nazo, nachoka mu 1908 asanadzozedwe.

Zotsatira zake zinaonekera pa ubatizo. Popeza obatiza anali azungu owerengeka okha, anthu ankakhala zaka ali m'kalasi. Elliot Kamwana atafika ku Utonga mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower, anabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yochepa. Ambiri mwa iwo si kuti anakopeka ndi chiphunzitsocho, anali atatopa kudikira. Patapitanso zaka ndi pamene Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa anadzozedwa ku Bandawe, mu May 1914.

Mayi wa ku Katoto:

Aphunzitsi mwalongosola bwino, koma musapangitse ana kuganiza kuti linali vuto la Laws yekha. Ku Blantyre mishoni inayamba mu 1876, ndipo Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa mu 1911. David Clement Scott, mtsogoleri wa mishoni ya Blantyre, anayesa kufulumiza zinthu: anasankha madikoni asanu ndi awiri, Matecheta ali m'gulumo, ankawaphunzitsa yekha ndipo anawapatula mu 1894 kuti adzakhale abusa. Azungu anzake ndi eni minda sanakondwe nazo, ndipo iye atachoka mu 1898 zinazilala. A Dutch, amene mishoni yawo ndiyo inadzakhala Sinodi ya Nkhoma, anayamba ku Mvera mu 1889, koma abusa awo oyamba, Andreya Namkumba ndi Namoni Katengeza, ndi a m'ma 1920.

Tsono yerekezani ndi ena. Ku Anglican, Yohana Abdallah anakhala wansembe mu 1898, Leonard Kamungu mu 1909. Iwo anali ndi sukulu kale ku Zanzibar, ndipo bishopu akakhutira amadzoza, sadikira kuti komiti yonse igwirizane. John Chilembwe anapita ku America mu 1897, anaphunzira ku Lynchburg, ku Virginia, n'kubwera mu 1900 ali mbusa. Zaka zitatu basi. Ndiye zoti munthu wakuda sakanatha maphunzirowo zinalibe mutu ngakhale pa nthawiyo.

Komanso kudzozedwa sikunathetse nkhani. Mwasi yemweyo anatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wake ku Utonga, akudandaula kuti mbusa wakuda ankakhalabe pansi pa mzungu ngakhale pa mpingo wake womwe. Charles Chinula ndi Yaphet Mkandawire nawonso anayambitsa mipingo yawo m'zaka zomwezo.

Mukamakamba za kudikira, muwauzenso atsikana kuti Sinodi ya Livingstonia inadzoza mbusa wamkazi woyamba, a Martha Mwale, mu 2000. Kuchokera mu 1914 pamenepo ndi zaka 86.

Mkulu wa mpingo, Mchengautuwa:

Zoonadi mayi. Ine nditenge funso lachiwirilo.

CCAP inapangidwa mu 1924 pamene Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana, a Nkhoma n'kulowamo mu 1926. Koma kwa zaka pafupifupi 40 aliyense ankaphunzitsa abusa ake kwawo, kalasi ya anthu ochepa, aphunzitsi mmodzi kapena awiri. Mu 1963 ndi pamene anatsegula sukulu imodzi ya onse ku Nkhoma, ndipo mu 1977 Zomba Theological College inayamba. A Anglican analowamo mu 1978, anakhala limodzi mpaka mu 2006 pamene anatsegula yawo ku Zomba komweko, ya dzina la Leonard Kamungu.

Chimene chinabwezeretsa masinodi kwawo makamaka ndi malo. Zomba inkagawira masinodi asanu, kuphatikizapo a Harare ndi a Zambia, ndiye aliyense ankapeza mipata yochepa pachaka, pomwe mipingo ikuchulukirachulukira. Mbusa mmodzi kukhala ndi nyumba za mapemphero zambirimbiri, mgonero n'kumafika mwa apo ndi apo, ndi vuto lomwe lija la nthawi ya Kamwana. A Nkhoma ali ndi Josophat Mwale Theological Institute, ife a Livingstonia tinatsegula ya ku Ekwendeni mu 2003, imene lero ili pansi pa University of Livingstonia.

Kunena mosabisa, kugawikanako kuli ndi zotayika. Mphunzitsi wa Chihebri ndi wosowa, laibulale yabwino ndi yodula, ndipo zimenezi ukazigawa patatu chilichonse chimachepa. China chimene anthu sachiwerengera: abusa amene anagona chipinda chimodzi ku Zomba, wina wa ku Karonga wina wa ku Dedza, ankadziwana. Mikangano ya malire pakati pa masinodi imavuta kuikamba anthu ake akakhala kuti sanadyerepo mbale imodzi.

Musaiwale TEEM (Theological Education by Extension in Malawi), maphunziro a zaumulungu ochitira kunyumba, imene inayamba mu 1978. Njira yake inachokera ku Guatemala mu 1963, kumene anaona kuti atsogoleri enieni a m'midzi sangasiye munda ndi banja kwa zaka zitatu. Munthu amawerenga mabuku kunyumba n'kumakumana ndi anzake pagulu ndi wowatsogolera. Akulu a mpingo ndi amayi ambiri a Umanyano (bungwe la amayi mumpingo) aphunzira Baibulo motere.

Abusa opuma, Katawa:

Pa gulu la achinyamatalo sipangalephere wina wofunsa kuti lero zimayenda bwanji, ndiye muwauze izi.

Khomo si sukulu, ndi mpingo. Wofuna ubusa amayamba kwa mbusa wake ndi seshoni (bwalo la akulu a mpingo), amene amachitira umboni za khalidwe lake, banja lake ndi ntchito imene wagwira mumpingo. Dzina limapita ku presbitale, kenako ku sinodi, komwe kuli mayeso ndi mafunso a pamaso m'pamaso. Satifiketi ya MSCE imafunika, ndipo kirediti ya Chingerezi ndiyo imagwetsa ambiri chifukwa maphunziro onse ali m'Chingerezi. Akasankhidwa amaphunzira Chipangano Chakale ndi Chatsopano, Chigiriki ndi Chihebri, mbiri ya mpingo, chiphunzitso, kalalikidwe ndi kasamalidwe ka nkhosa, ndipo patchuthi amatumizidwa kumipingo kukayeserera. Akamaliza amalandira layisensi, amayesedwa pansi pa mbusa wamkulu, ndiye n'kudzozedwa. Mukaona bwino ndi makwerero a ku Scotland aja, kungoti pano nthawi yoyesedwa ili ndi mathero.

Zolakwika zimene zimabwerezabwereza ndi izi. Wina amadzilipirira yekha digiri ya zaumulungu ku Mzuni, n'kubwera nayo ku ofesi ya sinodi kuti amupatse mpingo. Digiriyo ndi yabwino, koma yunivesite siidzoza munthu. Adzayambirabe ku seshoni. Wina amalowa kasukulu ka Baibulo kongotsegulidwa kumene osafufuza ngati NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, inakavomereza, n'kudzazindikira mochedwa kuti pepala lake palibe akulilandira akafuna kupitiriza maphunziro.

Chachitatu n'chimene sukulu zomwe sizinachithetse. Mnyamata amaphunzira zonse m'Chingerezi, koma akamutumiza ku Chitipa kapena ku Usisya akalalikira m'chilankhulo cha komweko, pamaliro, kwa agogo amene sanapite kusukulu. Amene amayamba akadali pasukulu kulemba ulaliki wake m'Chitumbuka, m'Chitonga kapena m'Chichewa, n'kumawerenga Baibulo la chilankhulocho mbali ndi la Chigiriki, savutika chaka choyamba. Enawo amangomasulira manotsi a m'kalasi pa guwa, anthu n'kumawodzera.

Wa ku Chibavi:

Zikomo kwambiri nonse. Abusa, nanga amene ali kale pantchito, monga mphunzitsi wa kusekondale wa banja lake, angayambe ndi TEEM kenako n'kudzapempha ubusa?

Abusa opuma, Katawa:

Angathe, ndipo zimamuthandiza pa mayeso a sinodi. Koma asasiye ntchito kalata yomuitana isanafike m'manja, ndipo akambirane kaye ndi akunyumba, chifukwa mbusa amasamutsidwa ndi sinodi, sasankha yekha kokakhala.