Nthabwala pa msonkhano wa ntchito: zichotsedwe kapena zisiyidwe?

Wa ku Kabwata:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Gulu la anthu 7 opanga zotsatsa malonda pa wailesi likakhala pansi kufuna maganizo atsopano, phwete ndiye amachuluka, koma olankhula ndi awiri okha. Enawo amangomwetulira. Kodi nthabwalazo zichotsedwe?

Wa ku Chelstone:
Musazichotse, onani pamene zikugwera. Zikagwera pa ganizo, anthu amaseka n'kuwonjezerapo zawo. Zikagwera pa mwini ganizo, makamaka wamng'ono pantchito, ameneyo watseka pakamwa mpaka mwezi kutha. Yesani chonchi: mphindi 10 zoyamba aliyense alembe maganizo 3 papepala, osalemba dzina. Sakanizani mapepalawo, mmodzi awerenge mokweza. Mphindi 15 zotsatira pasapezeke wonena kuti "sizingatheke". Wofuna kulankhula awonjezerepo kanthu, ngakhale koseketsa. Kusankha kudikire mutamwa tiyi. Abwana alankhule pomaliza, chifukwa akayamba iwo, onse amangoti "zoona bwana".

Wa ku Matero:
Kuno ku Lusaka tilinso ndi chimbuya, ubale umene mitundu iwiri imanyozana mwanthabwala popanda kukwiyirana. Mubemba akauza wa kum'mawa kuti "ganizo lanuli likununkha mbewa", winayo n'kubweza za anyani, onse amaseka, chidzudzulo chalowa popanda chilonda. Atonga ndi Alozi chimodzimodzi. Koma taonani: chimbuya chimakoma chifukwa wonyozedwayo amabweza. Kalaliki wobwera dzulo sangabweze kwa amene amasaina malipiro ake, ngakhale akhale mbuya wake weniweni. Choncho wamkulu adziseke yekha kaye, kapena alole ana amuseke. Za thupi la munthu, banja lake, kusabereka, ngongole ndi Chingerezi chothyoka, izo zisiyeni pakhomo.

Wa ku Chilenje:
A ku Matero mwalasa. Ngakhale a Google, pa kafukufuku amene anayamba mu 2012 pa magulu 180, anapeza kuti chachikulu n'chakuti munthu asaope kuchita manyazi akalakwitsa pamaso pa anzake. Nthabwala ikamupweteka wina, mumuona: maso pansi, foni m'manja. Mutsatireni tsiku lomwelo muli awiri, mupepese osanena kuti "ndimangocheza", chifukwa mawu amenewo amamusandutsa iye wolakwa. Pa msonkhano wotsatira bwezani ganizo lake lija patebulo, ndipo likafika kwa kasitomala, dzina lake litchulidwe.