Batire la galimoto likutha mphamvu galimoto itangoima

Moni nonse abale ndi alongo. Ndili ndi Toyota Vitz ya 2009 kuno ku Lilongwe, ndipo ikakhala masiku angapo osayenda, batire limatheratu moti injini imakana kulira. Ndinagula batire latsopano koma vuto silinasinthe, ndipo amakaniko atayeza alternator (chipangizo chotchaja batire injini ikamalira) anapeza kuti ikutchaja bwino, pa mavolti 14. Nditazimitsa zonse ndi kudikira kanthawi, multimeter (chipangizo choyezera magetsi) inaonetsa kuti galimotoyi ikukokabe magetsi okwana mamiliampu pafupifupi 300, pamene amayenera kukhala osapitirira 50. Ndazula mafyuzi onse limodzilimodzi koma nambalayi sikutsika, zomwe zikundidetsa nkhawa kwambiri. Ndikukayikira alamu yomwe inalumikizidwa mosadutsa pa mafyuzi. Kodi diode (kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) yowonongeka mu alternator ingakoke magetsi ochuluka chonchi, nanga ndingayeze bwanji kuti ndisiyanitse vuto la alternator ndi la alamuyo?