Kodi DT yakale ingadutse COF chaka chino?

Mlimi wa ku Santhe: Abale, ndili ndi Yamaha DT 125 yomwe malume anandisiyira. Ndimapita nayo ku Chinkhoma nthawi ya fodya, komanso ku boma la Kasungu. COF, satifiketi yosonyeza kuti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikutha mwezi uno. Injini ilibe vuto, kiki imodzi yalira kale, koma imatulutsa utsi wabuluu, ndipo indiketa yakumanzere imayaka ikafuna yokha. Ndiikonze kapena ndingoigulitsa n'kugula Boxer?

Makaniko wa pa Nkhamenya: Achimwene, musaigulitse. DT imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, ndiye utsi pang'ono ndi chibadwa chake. Ukachuluka, onetsetsani pampu ya oyilo ndi maring'i. Njinga zakale sizigwa pa COF chifukwa cha zaka ayi. Zimagwa pa mabuleki, matayala osalala, hutala ndi magetsi. Indiketa yanuyo ndikukayikira waya wa ethi, fumbi ndi matope a kwathu kuno amadyetsa dzimbiri. Palani ndi sandipepa. Gwiraninso buleki yakutsogolo n'kukankha njinga: chiwongolero chikamagogoda, mabering'i atha.

Wakabaza wina: Ndiwonjezere za mapepala. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi za mu blue book. Ambirife timasintha injini kwa anzathu, mapepala osasintha. Inshuwalansinso ikhale yamoyo.

Mlimi wa ku Santhe: Ii, injini malume anasinthadi! Ndikafufuze kaye blue book mu sutikesi ya azakhali. Hutala nayo imalira ngati mbuzi yachimfine, Loweruka ndikubwera konko, bambo makaniko.