Graphics card yopangira edit mavidiyo, ndigule iti abale?

Akuluakulu odziwa zamakompyuta ndithandizeni nzeru. Ndimapanga edit mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe kuno pa Ntcheu boma, desktop yanga ndi Core i5, RAM 8GB, ilibe graphics card yapadera, ikudalira ija ya Intel ili mkati mwa processor momwemo ndiye imabwereka RAM yomweyo, ndikangoika vidiyo ya 1080p zonse zimakakamira, render mpaka kucha.

Zomwe ndamvetsa ndi zoti CPU (processor) ili ndi ma core (timagawo togwira ntchito) ochepa koma amphamvu, pomwe GPU (chip ya pa graphics card) ili ndi ting'onoting'ono tambirimbiri togwira ntchito nthawi imodzi, ngati dima kumunda, aliyense mzere wake. Nde funso langa, pa editing chofunika kwambiri nchani, ma core kapena VRAM (memory ya pa graphics card)?

Maso anga ali pa GTX 1650, ili ndi ma CUDA core (ma core a GPU) 896, VRAM 4GB, imadya 75W basi ndipo zambiri zimatenga moto pa PCIe slot (polowetsa card pa motherboard) pomwepo. Mtima ukufuna RTX 3060 ya 12GB koma iyo ndi 170W, Nvidia, eni ake a ma card wa, amati power supply ikhale 550W, yanga ndi ya 300W, komanso magetsi akathima ndimadalira inverter yaing'ono. Kodi i5 wanga sangaibweze m'mbuyo 3060 yo, ndalama nkungopita pachabe?

Funso lina, za second hand ku Lilongwe mumaziyesa bwanji musanalipire? Ndikuopa zomwe zinatopa kale ndi mining (kukumba ndalama za crypto). Amene munagulapo ndiuzeni chonde, ma order a maukwati andiunjikira.