Zoona kuti tala amamuyeza ndi sikani ngati ya kuchipatala?

Kabaza_Chitakale:
Abale ndithandizeni. Dzulo ndinanyamula mnyamata wina wophunzira za uinjiniya, tikudutsa pa zigamba zomwe anamata posachedwapa koma zayamba kale kumatuka, iye nkumati kuli njira yoyezera tala ndi ultrasound, yomwe ija amaunikira azimayi oyembekezera. Mutu wanga sunagwire. Ndikufunsa chifukwa rimu ya njinga yanga yapindika kawiri ndi maenje omwewa, ndiye ngati makina alipo bwanji osayeza msewu asanaupereke?

MaiNaphiri_Lab:
Sananame achimwene, kungoti sikuti mumaona chithunzi ngati cha mwana m'mimba ayi. Pamakhala timitu tiwiri, kena kamatumiza phokoso loti khutu silingamve, la pamwamba pa 20 kHz, kambiri amagwiritsa la 54 kHz, kanzake kamalandira mbali inayo ya sampulo ya tala. Makina amangowerenga nthawi yomwe phokosolo latenga kudutsa. Tala woti rola inamutsendera bwino, kwale ndi phula zagwirana, limadutsa msanga. Koma mukakhala timipata tambiri ta mpweya kapena ming'alu limachedwa komanso limafika lofooka. Timituto umayenera kutipaka girizi kapena jeli kuti tikhudze bwino, ukapanda kutero manambala amangobalalika. Ubwino wake sampulo siiphwanyika, ungathe kuiyezanso mawa, pomwe pa kayezedwe kena kotchedwa Marshall timaiviika m'madzi a 60°C nkuifinya mpaka itagonja, basi yatha ntchito.

Che Bvumbwe:
Mai mwalongosola bwino koma muwauzenso za kutentha. Phula sali ngati konkire, dzuwa likaomba amafewa ndiye phokoso limayenda pang'onopang'ono. Kuyeza m'mawa kuli chiperoni ndi kuyeza masana mu Okutobala malo omwewo mupeza manambala osiyana. Chinanso misewu yambiri ya kuno si asphalt yeniyeni, amangowaza phula nkuthira timiyala pamwamba, kachikopa kopyapyala, pamenepo muyeza chani? Mpake ma injiniya amadalirabe kuboola kachigubu ka tala nkupita nako ku labu.

Mlimi_wa_tiyi:
Ine za makina sinditsutsa, koma kwathu kuno chimapha msewu ndi madzi. Mvula ya Mulanje mukuidziwa, ngalande zikatsekeka ndi mchenga madzi amalowa pansi, dothi nkufewa, lole ya tiyi ikangoponda tala amang'ambika ngati khungu la ng'ona. Nthawi ya Freddy mu Malichi 2023 ndinaona ndi maso anga tala ali bwinobwino pamwamba koma kunsi kuli mphako, munthu kulowetsa mkono wonse.

Kabaza_Chitakale:
Zikomo nonse, tsopano ndamva. Mai Naphiri funso lina, chigamba chomwe chamatidwa kale pamsewu angachiyeze pomwepo osaboola, poti kamutu kenako sikangalowe kunsi?

MaiNaphiri_Lab:
Angathe, timitu tonse amatiika pamwamba motalikirana pang'ono, kungoti phokoso limabwera lofooka ndiye pamafunika munthu wozolowera kuwerenga zotsatira zake.