Za Loweruka la ku Boston: gulu la banja

Asuweni Boston: Mwadzuka bwanji kumudzi? Kuno kudakali usiku. Pulogalamu ili chonchi: Lachisanu mwambo wolandira digiri, Lamulungu kutchalitchi kenako phwando kunyumba kuno. Loweruka ndi lomwe latsala. Maganizo abwere msanga, tidziwe ngati tibwereke galimoto yachiwiri.

Achemwali Indiana: Ife tinyamuka Lachinayi m'bandakucha, ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Loweruka tikagule zinthu basi. Amayi anditumizira mayina a anthu ofuna nsapato, mudzi wonse ulipo.

Amayi: Anthu anayi okha, usandinamizire pagulu.

Malume: Loweruka m'mawa ndalanda ine. Tonse tikaime pa chipilala cha asilikali akuda chija chili ku paki ya Boston Common, moyang'anizana ndi State House, nyumba ya malamulo ya chigawo chino. Mwanayu avalenso gauni tikajambulitse pomwepo. Zogula masana.

Achimwene Joni: Malume mwayambapo. Mwezi umodzi wokha ku America mwapeza kale balaki 😂

Malume: Mphwanga, seka. Gulu limeneli ndi la 54th Massachusetts, asilikali oyenda pansi. Palibe anawagwira pakhosi, anakalembetsa okha mu 1863 nkhondo yapachiweniweni ili mkati, Pulezidenti Lincoln atangolengeza zomasula akapolo pa 1 Januwale. Bwanamkubwa wa chigawo chino, John Andrew, ndiye analimbikira kuti gululi likhalepo pamene ambiri ankati munthu wakuda akamva mfuti athawa.

Amayi: Achimwene, ndiye kuti anali akapolo othawa?

Wadigiri: Ambiri anali afulu kale azakhali, ochokera zigawo zosiyanasiyana zakumpoto, ena mpaka ku Canada. Ana awiri a Frederick Douglass, wakuda wotchuka polimbana ndi ukapolo, Lewis ndi Charles, analowa nawo. Koma obadwira muukapolo analiponso. Ndipo ankadziwa zomwe akuziputa, chifukwa adani awo akum'mwera anali atanena poyera kuti wakuda wogwidwa atanyamula mfuti sadzamutenga ngati mkaidi wankhondo, akhoza kugulitsidwa kapena kuphedwa.

Malume: Mwamumva? Fizi sinapite pachabe. Anaphunzira usilikali ku Readville, kenako pa 28 Meyi 1863 anaguba mumzinda muno kudutsa pa State House pomwepo, kupita kukakwera sitima yapamadzi. Ifenso tikaimapo mwezi womwewu wa Meyi.

Azakhali Ndirande: Ndaona chithunzi chomwe mwatumiza chija. Funso langa ndi limodzi. Chipilala cha anthu akuda, nanga wokwera hatchiyo ali mzungu bwanji? Eni ake ali wapansi.

Achimwene Joni: Azakhali mwalasa.

Wadigiri: Ameneyo ndi Robert Gould Shaw, mtsogoleri wawo, anali ndi zaka 25 zokha. Poyamba maofesala onse a gululi anali azungu. Funso lanulo anthu akunonso amalifunsa. Chipilalachi anachitsegulira mu 1897, koma mayina a asilikali akuda omwe anafa anadzawalemba kumbuyo kwake m'zaka za m'ma 1980. A maofesala analipo kuyambira pachiyambi.

Azakhali Ndirande: Ndiye mukajambule kumbuyoko, kutsogolo taonako kale.

Malume: Tijambula konse. Koma alamu, pa lamyapa simungaone bwino. Mukayandikira, nkhope iliyonse ndi yakeyake, wina mnyamata woimba ng'oma patsogolo, wina wandevu wachikulire, mabulangeti okulunga ali pamsana, mfuti pamapewa. Wosulayo, Saint-Gaudens, anatha zaka 14. Ine ndinayang'ana mapazi. Munthu amene anagubapo ndi katundu amadziwa kuti thupi limapendekera kutsogolo chonchija.

Ine: Nanga anamenya kuti, malume? Ife timangomva za Lincoln.

Malume: Yotchuka ndi ya Fort Wagner, pa chilumba cha Morris pafupi ndi Charleston, pa 18 Julaye 1863 chakumadzulo. Linga la mchenga, mizinga ili pamwamba, njira yofikirapo ndi kagombe kopapatiza, uku nyanja uku dambo. Msilikali aliyense akuuzani kuti malo otero simungamwazikane, mumalowa mothithikana ndipo woombera sasankha. Iwo ndi amene anaikidwa patsogolo, anthu ngati 600. Oposa 250 anaphedwa, kuvulala kapena kugwidwa. Shaw anagwera pamwamba pa lingalo. Lingalo sanalilande usiku umenewo, adani anadzachokamo okha mu Seputembala.

Wadigiri: Akum'mwera anataya mtembo wa Shaw m'dzenje limodzi ndi asilikali ake, poganiza kuti akumunyoza. Bambo ake anakana kuti afukulidwe, anafuna akhale momwemo ndi anyamata ake.

Amayi: Ha! Kwathu kuno tikanalimbana mpaka mafupa abwere kumudzi.

Malume: Palinso Sajeni William Carney, wobadwira muukapolo ku Virginia. Wonyamula mbendera atagwa, iye anaitola, anafika nayo pa linga, anabwerera nayo ali ndi mabala a zipolopolo osaigwetsa pansi. Mendulo yake anadzalandira mu 1900. Koma zonsezi si zimene zandiimika pa chipilalachi.

Achimwene Joni: Kulinso zina?

Malume: Malipiro. Powalemba anawalonjeza madola 13 pamwezi ngati azungu. Tsiku lolandira litafika, akuti inu ndi 10, ndipo tichotsapo 3 ya zovala. Kutsala 7. Gulu lonse linakana kulandira. Boma la Massachusetts linati tikuwonjezerani yotsalayo kuchokera m'thumba lathu, anakananso, chifukwa nkhani sinali kuchepa kwa ndalama, inali yoti boma lalikulu livomere kuti msilikali ndi msilikali. Anakhala miyezi pafupifupi 18 osagwira kobiri, koma ntchito osasiya. Ku Olustee, ku Florida, mu Febuluwale 1864, nkhondo itawaipira a kumpoto, iwo ndi amene anatchinga kumbuyo anzawo akubwerera, kenako sitima yonyamula ovulala itafa panjira anaimanga zingwe n'kuikoka ndi manja. Anthu osalipidwa amenewo.

Malume: Kuthamangira linga ndi usiku umodzi, magazi atentha, mnzako ali pambali. Koma kufola mwezi ndi mwezi, ndalama ili patebulo, iwe n'kuitembenukira msana, anthu mazanamazana osagawanika, zimenezo ine amene ndinavalapo yunifolomu ndikuti n'zovuta kuposa. Nyumba ya malamulo ya dziko lonse inadzavomera zofananitsa malipiro mu Juni 1864, ndipo ndalama zawo analandira chakumapeto kwa chaka.

Amayi: Achimwene, mukutama amuna okhaokha. Miyezi 18 imeneyo ana awo ankadya chiyani? Inu muja munali kulondera njanji ya Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, malipiro anu ankabwera, komabe ine ndi malemu alamu anga tinkagona tikuwerengera ufa, khutu lili pa wailesi. Nanga uyo wopanda ndi kobiri yomwe? Akazi amenewo anamenya nawo nkhondoyo ndipo pa chipilala palibe.

Azakhali Ndirande: Nenani achemwali.

Malume: Pamenepo sinditsutsa. Makalata odandaula ochokera kunyumba ankawafikadi kumisasa.

Amayi: Ndiye duwa limodzi likhale la iwowo.

Asuweni Boston: Chabwino, zikuoneka kuti adadi apambana. Koma za galimoto yachiwiri iwalani, malo oimika pafupi ndi Common ndi odula zedi. Tikwera sitima, titsikira pa Park Street, kenako kamtunda pang'ono kukwera ku Beacon Street. Adadi, bondo lija?

Malume: Bondo ndi langa.

Wadigiri: Tikachoka apo pali African Meeting House pa Joy Street, ya 1806, momwe ena analembetsera usilikali. Ndi pafupi koma ndi chitunda, ndipo polowa amalipiritsa. Ana atha kutopa.

Achemwali Indiana: Chipilala ndavomera, ola limodzi. Kwinako apite malume ndi wadigiri, ife ndi ana tilowera kumashopu. Nsapato za anthu "anayi" sizidzigula zokha.

Alamu Boston: Ine ndiperekeza apongozi, ndinyamula kampando kopinda.

Ine: Nthawi? Tikufuna tidzaonere pa vidiyo.

Asuweni Boston: 9 koloko m'mawa kuno, kwanuko ndi ku Joni ndi 3 koloko masana. Iwe msuweni upite kwa azakhali ku Zomba ndi lamya yodzaza moto ndi bandulo, usadzatiuze kuti magetsi anazima.

Ine: Mkazi wanga walamula, ndimva 😄

Asuweni Boston: Mkazi wako ndani, ng'ombe unapereka kwa yani? Za msonkhamsonkha wa phwando: onse apereka kupatula munthu mmodzi wa ku Joni. Maluwa a pachipilala tichotsa momwemo.

Achimwene Joni: Ine ndikutsanzira asilikali a 54, ndalama sindikuigwira.

Malume: Iwo anakana kulandira, iwe ukukana kupereka. Tumiza lisanafike Lachitatu.

Achimwene Joni: Mawa ikhala italowa, malume.

Azakhali Ndirande: Ndipo gauniyo muisite Lachisanu usiku, isakaoneke yokwinyika pa chithunzi. Ufa woyera ndinapatsira alamu uja ulipo wokwanira Lamulungu?

Asuweni Boston: Watsala theka, adadi amadya nsima kawiri patsiku. A ku Indiana bweretsani wina.